Kumene Aheberi akale ankati akufa amapita

Mu 1979 katswiri wofukula zinthu zakale, Gabriel Barkay, ankakumba pamalo otchedwa Ketef Hinnom, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wakale wa Yerusalemu. Pamalopo pali manda a m'mapanga amene anasemedwa m'thanthwe mafumu a Yuda akadali pampando, zaka pafupifupi 2,600 zapitazo. Ambiri mwa mandawo mbava zinali zitawasesa kalekale. Koma m'phanga lina munali dzenje limene miyala yogumuka kudenga inalikwirira, ndiye mbavazo zinangolidutsa. M'dzenjemo munapezeka mafupa a anthu osachepera 95, miphika, nyale zadothi, mikanda, ndolo, mitu ya mivi, komanso tizidutswa tiwiri tasiliva tokulungidwa bwinobwino. Atatifunyulula anapezamo mawu a mdalitso wa ansembe umene timauwerenga pa Numeri 6: Yehova akudalitse, akusunge, awalitse nkhope yake pa iwe.

Mandawo ankagwira ntchito motere. M'phangamo munali mabenchi a mwala, ena okhala ndi mitsamiro yosemedwa pamwala womwewo. Munthu akamwalira ankamugoneka pabenchipo, popanda bokosi, popanda kumufotsera ndi dothi, n'kutseka pakhomo. Papite nthawi, mnofu utatha, m'banjamo mukagwanso maliro, abale ankalowa n'kutola mafupa a woyamba uja pamodzi ndi timiphika take, n'kuwaika m'dzenje la pansi pa benchi momwe munali kale mafupa a bambo ake ndi agogo ake. Benchi ija inkalandira mtembo watsopano. Choncho Baibulo likamati wakutiwakuti anagona ndi makolo ake, kapena anasonkhanitsidwa kwa anthu a mtundu wake, likunena chinthu chimene anthu ankachichita ndi manja awo. Awa anali manda a mabanja opeza bwino. Amphawi ankangoikidwa m'nthaka, ndipo 2 Mafumu 23:6 imatchula manda a anthu wamba.

Tsono taonani zimene simungapeze m'mapangawa. Ku Ejipito makoma a manda a anthu otchuka ankadzaza ndi zithunzi, mipukutu inkauza womwalirayo zokayankha pachipata chilichonse, ndipo ankati mtima wake ukayesedwa pasikelo, mbali inayo kuli nthenga ya mulungu wamkazi Maat. Aisraeli ankawadziwa bwino Aejipito, anali oyandikana nawo, koma zimenezi sanatengeko. Ku Silwan, moyang'anana ndi Yerusalemu wakale, pamanda a nduna ina yoyang'anira nyumba ya mfumu panalembedwa kuti muno mulibe siliva kapena golide, muli mafupa ake ndi a mdzakazi wake basi, ndipo wotembereredwa munthu amene adzatsegule. Mwalawo pano uli ku British Museum ku London. Ndunayo nkhawa yake inali mbava. Za chiweruzo sinatchulepo.

Apa ambiri timadodoma. Tinakulira m'mipingo momwe ulaliki wa pamaliro umafika pafunso loti malemuwa apita kuti, ndiye timaganiza kuti Abrahamu ndi Mose ankafunsanso chomwecho. Ayi ndithu. Kwa zaka mazana ambiri Aisraeli ankapembedza Yehova popanda lonjezo la kumwamba kapena chiopsezo cha moto. Werengani mabuku asanu a Mose ndi malamulo ake onse aja, simupezamo mphotho ya kutsidya kwa manda. Pa Deuteronomo 28 madalitso a womvera ndi mvula pa nyengo yake, ana, ng'ombe zoswana ndi dengu lodzaza. Matemberero a wosamvera ndi chilala, zilonda, dzombe, nkhondo ndi ukapolo. Zonsezo n'za pansi pano, munthu akadali ndi mpweya.

Mpweyawo ndiye panagona nkhani. Pa Genesis 2:7 Mulungu akuumba munthu ndi dothi, akumuuzira mpweya m'mphuno, munthuyo n'kukhala wamoyo. Lembalo silikuti mzimu umene unalipo kale unadzalowa m'thupi. Munthu ndi dothi lopuma, ndipo nyama nazo zimatchedwa zamoyo ndi mawu omwewo. Imfa imangomasula zimene zinamangidwazo: mpweya ubwerera kwa mwini wake, dothi libwerera kudothi. Mayi wanzeru wa ku Tekowa anauza mfumu Davide kuti tonse tidzafa, tili ngati madzi otayikira pansi amene sangawoledwenso.

Komabe sankati munthu akafa ndiye watheratu. Panali malo otchedwa Sheol, dzina lopezeka pafupifupi ka 65 m'Baibulo la Chiheberi. Ndi kunsi kwa nthaka, kumene munthu amachita kutsikira. Yobu amati ndi dziko la mdima wandiweyani, lopanda dongosolo, kumene kuwala komwe kuli ngati mdima. Salimo 88 limati ndi dziko la kuiwalika. Kuli zipata, kuli fumbi, kuli zii. Okhala kumeneko amatchedwa refaimu, zithunzithunzi zofooka za anthu amene kale anali ndi mphamvu. Yesaya 14 ali ndi nyimbo yoseka mfumu ya Babulo ikufika kumeneko. Mafumu akale akudzuka pamipando yawo n'kuifunsa kuti, kodi nawenso wafooka ngati ife? Mphutsi ndiye mphasa yako, nyongolotsi ndiye chofunda chako.

Sheol si ng'anjo, ndipo si malo a ochimwa okha. Yakobo atakhulupirira kuti Yosefe wajiwa ndi chilombo anati adzatsikira ku Sheol kwa mwana wake akulira. Davide, khanda lake la kwa Batiseba litamwalira, anadzuka, anasamba, anadya, nati: ine ndidzapita kwa iye, koma iye sadzabwerera kwa ine. Ena amawatenga mawu amenewa ngati chiyembekezo chokaonana kumwamba, koma Davide ankangofotokozera antchito ake chifukwa chimene wasiyira kusala kudya. Yobu pa mutu 3 amafika pokusirira kwa akufako, poti kumeneko oipa aleka kuzunza anzawo, otopa apumula, akaidi samvanso mawu a kapitawo, ndipo kapolo wamasuka kwa mbuye wake. N'zoona kuti dzina la Sheol limatuluka kwambiri pamene imfa ili yoipa, ya msanga kapena ya chilango, monga tsiku limene nthaka inayasama n'kumeza Datani ndi Abiramu amoyo. Wofa bwino ngati Abrahamu, atakhuta masiku ali ndi zaka 175, amangoti anapita kwa anthu a mtundu wake. Koma palibe pamene akunenedwa kuti anapita kumwamba.

Chimene chinkawapweteka kwambiri opemphera a m'Masalimo ndi chakuti kwa akufa kulibe kutamanda Mulungu. Amachita kunenerera naye Mulunguyo ngati pamsika. Salimo 30 likufunsa kuti mupindulanji ndi imfa yanga, kodi fumbi lingakutamandeni? Salimo 6 likuti ku Sheol ndani angakuyamikeni. Mfumu Hezekiya atadwala mwakayakaya n'kuwonjezeredwa zaka 15, anaimba kuti Sheol sangakuyamikeni, wamoyo, wamoyo ndiye amakutamandani monga ndikuchitira ine lero. Pemphero lawo silinali loti mundilandire ndikafa. Linali loti musalole kuti ndife tsopano.

Nanga amoyo ankatha kulankhula ndi akufa? Nkhani ya pa 1 Samueli 28 ndi yofunika kuiwerenga modekha. Samueli wamwalira, waikidwa ku Rama. Afilisiti amanga misasa ku Sunemu, Sauli ali ku Gilibowa, mtima uli phaphapha. Wafunsa kwa Yehova, koma sakumuyankha, kaya m'maloto, kaya mwa Urimu (maere opatulika a ansembe), kaya mwa aneneri. Sauli yemweyo anali atathamangitsa m'dziko onse olankhula ndi mizimu, koma anyamata ake atawafunsa sanavutike n'komwe kufufuza: alipo mayi wina ku Endori. Mfumu inavala zovala zina n'kupita usiku ndi anthu awiri. Mayiyo anayamba wakana poopa msampha. Sauli atalumbira, mayi uja anaitana, ndipo atangoona Samueli anakuwa, nati, mwandinyengeranji, inu ndinu Sauli! Atafunsidwa chimene akuona anati akuona mulungu akutuluka m'nthaka, nkhalamba yofunda mwinjiro. Mawu oyamba a Samueli anali odandaula: wandivutitsiranji pondikweza kuno? Kenako anabwereza zimene ananena ali moyo, kuti ufumu wachotsedwa, n'kuwonjezera kuti mawa iwe ndi ana ako mudzakhala ndi ine. Sauli anagwa pansi ndi mantha, ndipo anali mayi yemwe uja amene anamuphera mwanawang'ombe wonenepa kuti adye asananyamuke.

Olemba a Chiyuda ndi a Chikhristu akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati ameneyu anali Samueli weniweni, chiwanda, kapena chinyengo cha mayiyo. Wolemba nkhaniyo sakusonyeza kukayika kulikonse, akungoti Samueli anati. Ndipo mawu akuti mudzakhala ndi ine akutanthauza kuti mneneri wokhulupirika ndi mfumu yokanidwa akupita malo amodzi.

Malamulo oletsa zimenezi ndi okhwima. Deuteronomo 18 ikuletsa kufunsira kwa akufa, Levitiko 20 ikulamula kuti wolankhula ndi mizimu aponyedwe miyala, Yesaya 8 akufunsa kuti anthu angafunsire bwanji kwa akufa m'malo mwa amoyo. Pa Deuteronomo 26:14 wopereka chakhumi ayenera kulumbira kuti sanaperekeko kwa wakufa. Numeri 19 imati wokhudza mtembo ndi wodetsedwa masiku 7, ndipo zimenezi zinkachititsa kuti manda ndi kachisi zikhale kutalikirana. Lamulo silikhazikitsidwa pa chinthu chimene palibe akuchichita. Mbale ndi mitsuko zopezeka m'manda a ku Yuda, komanso zolembedwa za ku Ugarit, mzinda wakale wa m'mphepete mwa nyanja ku Syria umene unayamba kufukulidwa mu 1929, momwe mafumu akufa ankaitanidwa pamwambo kuti adalitse amoyo, zikusonyeza kuti kudyetsa ndi kufunsira makolo kunali kodziwika m'chigawo chonsecho. Mmene ndikuonera, kuchepa kwa nkhani za akufa m'Chipangano Chakale kunali kwadala ndithu. Aneneri ndi ansembe ankatseka khomo limene anthu ankakonda kulowera, kuti mdalitso usafunidwe kwina koma kwa Yehova yekha.

Nanga munthu ankayembekezera chiyani? Ana, dzina ndi manda a kwawo. Abrahamu analipira masekeli a siliva 400 kuti agule phanga la Makipela, ndipo Yakobo ali ku Ejipito analamula ana ake kuti akamuike komweko. Mafupa a Yosefe anayenda ndi Aisraeli m'chipululu mpaka kukaikidwa ku Sekemu. Abisalomu anadziimikira chipilala chifukwa, mwa mawu ake, analibe mwana wamwamuna wosunga dzina lake. Lamulo la pa Deuteronomo 25 limafanana ndi chokolo chathu, koma ndi malire: linkagwira ntchito pokhapokha malemuyo akafa wopanda mwana wamwamuna, ndipo mwana woyamba kubadwa ankawerengedwa wa malemuyo, kuti dzina lake lisafafanizike mu Israeli. Tsoka loposa onse linali kusaikidwa. Yeremiya anati mfumu Yehoyakimu idzaikidwa ngati bulu, kuikoka n'kukaitaya kunja kwa zipata. Rizipa, mdzakazi wa Sauli, anayala chiguduli pathanthwe n'kulondera mitembo ya ana ake kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula itagwa, masana kuingitsa mbalame, usiku zilombo, mpaka Davide anamva zimenezi n'kutola mafupawo.

Za Enoki amene Mulungu anamutenga ndi Eliya amene anakwera m'kamvuluvulu, zinali zawo zokha; palibe ankayembekezera kuti zimuchitikiranso. Ana awiri amene Eliya ndi Elisa anawaukitsa anabwerera ku moyo womwe uno, kuti adzafenso.

Chiphunzitso chakuti wabwino amalandira zake pansi pompano chinali ndi mng'alu, ndipo a m'Baibulo momwemo anauona. Yobu ndi munthu wolungama amene wataya zonse, ndipo pa mutu 14 akuti mtengo uli bwino, ukadulidwa umaphukanso ukangomva fungo la madzi, koma munthu akagona sadzukanso. Akufunsa kuti munthu akafa adzakhalanso ndi moyo kodi, ndipo funsolo likumveka ngati la munthu wolakalaka chinthu chimene akudziwa kuti sachipeza. Mlaliki ndiye sabisa mawu: munthu ndi nyama mapeto awo ndi amodzi, ndani akudziwa ngati mpweya wa munthu umakwera kumwamba? Wolemba Salimo 73 akuvomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa n'kufa opanda zowawa. Mapeto ake akuti Mulungu adzamulandira mu ulemerero, ndipo Salimo 49 likuti Mulungu adzamuombola ku mphamvu ya Sheol. Kaya ankanena za kupulumuka pa imfa imene inali pafupi, kaya za chinthu choposa pamenepo, mawuwo amalola zonse ziwiri.

Panalinso mfundo ina imene inkakankha. Ku Ugarit imfa inali mulungu, dzina lake Mot, amene anameza Baala. Ku Mesopotamia dziko la akufa linali ndi mfumukazi yake, Ereshkigal. Sheol analibe mwini wotere. Amosi akuti ngakhale akumbe mpaka ku Sheol, dzanja la Yehova lidzawatulutsako. Salimo 139 likuti ndikayala mphasa ku Sheol, inu muli komweko. Nyimbo ya Hana ikuti Yehova amapha ndi kupatsa moyo, amatsitsira ku Sheol ndi kutulutsako. Ngati Mulungu ali mmodzi ndipo kulibe malo amene dzanja lake silifika, tsiku lina wina anayenera kufunsa chifukwa chimene akusiyira okondedwa ake kumeneko.

Chithunzi choyamba champhamvu chinachokera ku ukapolo. Ezekieli anatengedwa kupita ku Babulo mu 597 BC, ndipo patangopita zaka pafupifupi 10 Yerusalemu ndi kachisi zinatenthedwa. M'masomphenya a pa mutu 37 akuona chigwa chodzaza mafupa ouma gwa. Akufunsidwa ngati angakhalenso ndi moyo, iye akuyankha mochenjera kuti, Ambuye, mukudziwa ndinu. Kenako gobedegobede, fupa kufupa linzake, mitsempha, mnofu, khungu, pomaliza mpweya, monga zinakhalira pa Genesis paja. Koma Ezekieli akumasulira yekha: mafupawa ndi nyumba yonse ya Israeli, imene ikuti chiyembekezo chathu chatha. Manda otsegukawo ndi ukapolo, kuukako ndi kubwerera kwawo. Linali fanizo la mtundu, ngakhale kuti fanizo lotere likangolowa m'mutu mwa anthu silichedwa kutengedwa monga lilili. Pa Yesaya 26:19 mawu akupitirira pamenepo: akufa anu adzakhala ndi moyo, dzukani muimbe inu okhala m'fumbi. Mutu 25 ukuti Mulungu adzameza imfa mpaka kalekale, kutembenuza nthano ija ya Mot womeza.

Kuyambira 539 BC, Koresi atalanda Babulo, Ayuda anakhala pansi pa Aperisiya zaka pafupifupi 200. Chipembedzo cha Aperisiya cha Zoroaster chili ndi chiphunzitso cha kuuka kwa akufa ndi chiweruzo chomaliza, ndiye akatswiri ena amati Ayuda anatengera kumeneko. Ena amakana, poti mabuku a Aperisiya ofotokoza zimenezi mwatsatanetsatane analembedwa mochedwa kwambiri. Chinthu chimodzi n'choonekeratu: ngati anatengeradi, sanathamangire. Cha m'ma 180 BC, mphunzitsi wa ku Yerusalemu Ben Sira ankaphunzitsabe zakale zija, kuti wakufa satamanda, kuti ulire maliro moyenera kenako udzitonthoze poti kubwerera kulibe, ndi kuti chokhalitsa ndi dzina labwino. Koma m'nyengo yomweyo kunali magulu ena oganiza mosiyana. Gawo loyamba la buku la Enoki, lolembedwa m'zaka za m'ma 200 BC, limafotokoza phiri lokhala ndi mapanga momwe mizimu ya akufa imasungidwa mosiyanitsa, olungama pawokha pali kasupe wa madzi, ochimwa pawokha, podikira chiweruzo. Sheol wayamba kugawidwa zipinda. Bukuli linasungika lathunthu m'chinenero cha Ge'ez ku Ethiopia, kumene mpingo wa Orthodox umaliwerengera m'Baibulo, ndipo zidutswa zake za Chiaramu zinapezeka m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri chinachitika mu 167 BC. Mfumu Antiochus IV, wa ufumu wa Agiriki wa ku Syria, analetsa chipembedzo cha Chiyuda ku Yudeya. Mdulidwe, Sabata ndi kusunga mpukutu wa Malamulo zinakhala milandu ya imfa, ndipo paguwa la m'kachisi panaperekedwa nsembe zachilendo. Buku loyamba la Amakabeo limasimba za amayi amene anaphedwa chifukwa chodula ana awo, makandawo atawapachika m'khosi, ndi za anthu pafupifupi 1,000 amene anaphedwa pobisala m'chipululu chifukwa anakana kumenya nkhondo pa Sabata. Kale aneneri ankati tsoka lagwa chifukwa mtundu wachimwa. Apa zinatembenuka. Womvera Malamulo ndiye ankafa, wowataya ndiye ankakhala moyo n'kukwezedwa pantchito. Ana amene akanasunga dzina ankaphedwa limodzi ndi makolo awo. Deuteronomo 28 sinkathanso kufotokoza zimene anthu ankaona ndi maso.

Akatswiri ambiri amati masomphenya omaliza a buku la Danieli analembedwa m'zaka zimenezi, cha m'ma 165 BC, ngakhale kuti mipingo yambiri imaphunzitsa kuti analembedwa ku Babulo kalekale ngati ulosi. Mulimonsemo, mutu 11 ukufotokoza za chizunzochi, za anzeru amene adzagwa ndi lupanga ndi moto, ndipo pa 12:2 pakubwera mawu amene m'Baibulo lonse la Chiheberi ndi okhawo amene pafupifupi onse amavomereza kuti akunena za kuuka kwa anthu enieni: ambiri mwa ogona m'fumbi lapansi adzadzuka, ena ku moyo wosatha, ena ku manyazi ndi chitonzo chosatha. Akuti ambiri, sakuti onse. Zikuoneka kuti maso a wolembayo ali pa amene milandu yawo sinathe, ophedwa osalakwa ndi owapha amene anafa mwamtendere.

Amene ali ndi Baibulo la Chikatolika angawerenge 2 Amakabeo 7, nkhani ya anyamata 7 apachibale ndi mayi wawo, okakamizidwa kudya nyama ya nkhumba. Wachiwiri akuuza mfumu kuti Mfumu ya chilengedwe chonse idzawaukitsa. Wachitatu akutulutsa lilime n'kutambasula manja kuti awadule, nati ziwalozi anazilandira kuchokera kumwamba, ndipo akuyembekezera kuzilandiranso. Mayiyo akulimbikitsa mzime m'chinenero cha makolo, kumukumbutsa miyezi 9 ya m'mimba ndi zaka 3 za kubere, nati amene anapanga zonse popanda kanthu sangalephere kumubwezera ana ake. Mnyamata wachitatu uja sakupempha kuti mzimu wake uthawe m'thupi. Akufuna manja ake omwewo. Anthu amene ankadziwa kuti munthu ndi dothi lopuma sakanaganiza za chilungamo chosiya dothilo m'manda. Ndiona kuti kuuka kwa akufa kunakula mu Chiyuda chifukwa cha mlandu, osati chifukwa choopa kufa. Imfa anali atakhala nayo zaka mazanamazana osapempha zimenezi.

Ayuda olankhula Chigiriki anayankha funso lomwelo mwanjira ina. Buku la Nzeru za Solomoni, limene ambiri amati linalembedwa ku Alexandria, limati mizimu ya olungama ili m'manja mwa Mulungu, m'maso mwa opusa anaoneka ngati afa, koma ali mumtendere. Apa mukumveka kaganizidwe ka Agiriki ka mzimu wosafa. Pofika nthawi ya Yesu maganizo onsewa ankayendera limodzi. Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda, akuti Asaduki ankati mzimu umafera limodzi ndi thupi, Afarisi ankati sufa ndipo olungama adzakhalanso ndi moyo, pomwe Aesene ankati mizimu yabwino imapita kutsidya kwa nyanja, kopanda mvula, chipale kapena kutentha. Asaduki timawatenga ngati osakhulupirira, koma pankhaniyi iwo ndiwo ankagwira zakale. Paulo ankadziwa kuya kwa mkanganowu, moti pa Machitidwe 23 anangofuula kuti akuzengedwa mlandu chifukwa cha kuuka kwa akufa, bwalo lonse n'kugawanika.

Maikidwe a maliro nawo anasintha. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za BC mpaka 70 AD, mabanja a ku Yerusalemu ankatola mafupa patatha pafupifupi chaka n'kuwaika m'timabokosi ta mwala, nthawi zambiri tolembedwa dzina. Ena amati ankafuna kusunga munthu aliyense payekha podikira kuuka. Chovuta n'chakuti mu 1990 panapezeka kabokosi kokongola kolembedwa Yosefe mwana wa Kayafa, kamene ambiri amati n'ka mkulu wa ansembe uja, wa mbali ya Asaduki. M'manda omwewo munapezeka ndalama yachitsulo m'chigaza cha mayi wina, mwambo wa Agiriki wolipirira wowolotsa akufa. Zimene anthu amachita pamaliro sizitsata chiphunzitso nthawi zonse.

Gehena nayo inakula m'zaka zomwezi. Poyamba chinali chigwa chenicheni, chigwa cha Hinomu kumwera kwa Yerusalemu, kumene ena ankawotcha ana awo ngati nsembe. Mfumu Yosiya anadetsa malowo, Yeremiya anati adzatchedwa chigwa chophera anthu, ndipo pang'onopang'ono dzinalo linasanduka la malo a chilango. Nkhani yomveka m'maulaliki yoti panali dzala loyaka moto usana ndi usiku imachokera kwa mphunzitsi David Kimhi wa cha m'ma 1200 AD, ndipo palibe cholembedwa cha nthawi ya Yesu chimene chimanena zimenezo. Aphunzitsi a Chiyuda sankationso onse olowa m'Gehena amakhalamo mpaka muyaya. M'buku la malamulo a aphunzitsiwo lotchedwa Mishnah, Rabi Akiva akuti chiweruzo cha oipa m'Gehena ndi miyezi 12.

Aroma atagwetsa kachisi mu 70 AD, Asaduki, amene mphamvu zawo zinali pakachisipo, anazimirira. Otsala anali olowa m'malo a Afarisi, komanso otsatira a Yesu, onse okhulupirira kuuka. Pemphero lalikulu la Ayuda lonenedwa katatu pa tsiku limatamanda Mulungu monga woukitsa akufa, ndipo Mishnah, yosonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, imati wokana kuuka alibe gawo m'dziko likudzalo. Vuto linali kupeza chiphunzitsochi m'mabuku a Mose, amene aliyense ankawavomereza. Yesu, Asaduki atamufunsa za mkazi wokwatiwa ndi abale 7, anapita pa chitsamba choyaka moto: Mulungu anati ndine Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo, ndipo sali Mulungu wa akufa. Aphunzitsi a m'Talmud, mabuku omasulira Mishnah, anasakasaka chimodzimodzi. Rabi Yohanan anagwira Numeri 18:28, pamene Alevi akulamulidwa kuti azipereka gawo la chakhumi kwa wansembe Aroni. Aroni anafera m'chipululu, paphiri la Hori, osapondamo m'dzikomo. Ndiye ngati lamulolo lidzakwaniritsidwe monga linalembedwera, anatero Yohanan, Aroni ayenera kudzauka kuti adzalandire gawo lake.